Sushi wophika pa phwando la ana

Funso: Ndimakhala ku Bembeke. Mwana wanga akufuna sushi wophika mu uvuni pa phwando la tsiku lake lobadwa, koma ndili ndi mbaula yokha. N'zotheka?

Yankho: N'zotheka, mayi. Phikani mpunga wa Kilombero ufewe, muthire viniga, shuga ndi mchere usanazizire, n'kuutsendera m'poto. Chambo chipse kaye. Nsomba za m'nyanja yathu musamadye zosaphika. Chotsani minga yonse mosamala, poti odyawo ndi ana. Sakanizani nsombayo ndi mayonezi, muyale pamwamba pa mpunga. Ikani pa moto wochepa, makala ena pachivundikiro monga mumachitira ndi chigumu, kwa mphindi 15. Nori, ndere zouma zokulungira sushi, mukafufuze ku Lilongwe. Zikasowa, nkhaka ndi mapeyala zikwanira. Kwanuko kumazizira, choncho muphike alendo atafika kale.