Kulemba Mmisiri Womanga Tsamba la pa Intaneti

Anthu a m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota adziwa bwino machitidwe a kulemba mmisiri. Munthu wofuna bwato sathamangira kwa wosema ai. Amayamba waganiza za nsomba zimene afuna kukapha, anthu amene adzakweramo, ndi ndalama zimene ali nazo. Atatha izi ndi pamene amapangana ndi mmisiri za malipiro ndi za tsiku lotsiriza nchito. Phunziro la mwezi uno likunena za nchito yatsopano yofuna nzeru yomweyo, ndiyo kumangitsa tsamba la pa intaneti, limene ena amalitcha webusaiti. Mabungwe a alimi, sukulu, mipingo ndi eni nyumba zogona alendo ayamba kufuna masamba otere, ndipo ndalama za anthu ambiri zingathe kutayika ngati nchitoyi iyambidwa mosakonzeka.

1. Tsamba la pa intaneti n'chiyani?

Tsamba la pa intaneti ndi malo olembapo mau ndi kuikapo zithunzi, kuti munthu ali yense wokhala ndi foni kapena kompyuta aziona, kaya ali ku Dwangwa, ku Lilongwe kapena ku London. Nzeru imeneyi inayamba ndi Tim Berners-Lee, Mngerezi wogwira nchito ku CERN pafupi ndi Geneva, m'chaka cha 1989, ndipo tsamba loyamba linatsegulidwa kwa anthu onse m'chaka cha 1991.

Tsamba liri lonse liri ndi zinthu zitatu, monga sitolo. Choyamba ndi dzina, limene amisiri amati domain. Ili liri ngati chikwangwani chimene ogula amapezera sitoloyo. Maina a m'dziko la Malawi amatha ndi zilembo .mw, ndipo kaundula wache wakhala zaka zambiri m'manja mwa bungwe la Malawi SDNP ku Blantyre. Ena amasankha dzina lotha ndi .com kapena .org. Chachiwiri ndi malo osungirapo tsambalo, amene amati hosting. Awa ali pa kompyuta yaikulu yosazima usiku ndi usana, ndipo amachita kubwereka monga munthu abwereka nyumba. Chachitatu ndi mau ndi zithunzi, ndiye katundu wa m'sitolomo. Dzina ndi malo sizigulidwa kamodzi kokha. Zimalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo malipiro akaleka tsamba limatsekedwa, dzina lija munthu wina akhoza kulitenga.

2. Ndani afunika kukhala nalo?

Si munthu ali yense. Mai wogulitsa usipa pa msika wa ku boma ogula ache ali pomwepo, ndipo foni ndi WhatsApp zimkwanira. Bungwe laling'ono lingathe kuyamba ndi Facebook, pamene salipira kanthu koma ndalama za bandulo. Tsamba la pa lokha lithandiza iwo amene ogula ao ali kutali.

Ku Nkhotakota otere alipo. Nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota, ya makilomita 1,800 m'litali ndi m'lifupi mochulukitsa, inayamba kuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi Boma m'chaka cha 2015. M'zaka za 2016 ndi 2017 njobvu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo mbiri yache inamveka m'maiko ambiri. Alendo obwera kudzaona njobvu amafunanso kuona mbalame za ku Chia, mtsinje wa Bua kumene mpasa zimakwera kukaswana, ndi mkuyu umene anthu amati David Livingstone anakambirana patsinde pache ndi Jumbe za malonda a akapolo. Alendo otere amayamba afufuza pa intaneti asananyamuke kwao. Nyumba yogona alendo kapena gulu la operekeza alendo limene silipezeka pamenepo, kwa iwo liri ngati kulibe. Chimodzimodzi bungwe la alimi a mpunga lofuna ogula a masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre lingathe kupindula.

3. Kukonzeka mmisiri asanaitanidwe

Cholakwa chachikulu ndi kuuza mmisiri kuti, "Timangireni tsamba labwino," osanena china. Mmisiri adziwa kompyuta koma sadziwa mpunga wa eni ache. Chotero bungwe liyenera kusankha kakomiti ka anthu atatu kapena anai, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo kakomitiko kalembe pa pepala mayankho a mafunso awa.

Tsambali n'la yani? Ngati n'la alendo a kunja lilembedwe m'Chingerezi. Ngati n'la makolo a ana a sukulu lilembedwe m'Chichewa. Ngati n'la onse, zilankhulo ziwirizo zionjezera nchito ndi malipiro.

Wowerenga akaona achite chiyani? Aimbe foni, alembe kalata, kapena asungitse chipinda? Tsamba longoonetsa mitengo ya katundu ndi nambala ya foni n'lotsika mtengo. Tsamba lolandira ndalama kudzera ku banki, ku Airtel Money kapena ku Mpamba lifuna mmisiri wodziwa kwambiri ndi chitetezo chachikulu. Bungwe loyamba kumene lichita bwino kuyamba ndi chaching'ono.

Padzakhala zigawo zingati? Kawirikawiri zinai kapena zisanu zikwanira: mbiri ya bungwe, zimene ligulitsa, mitengo yache, zithunzi, ndi njira yofikira pamalopo kuchokera pa mseu wa M5.

Adzalemba mau ndani? Ano ndiwo malo amene nchito zambiri zimaimira. Mmisiri amadikira mau, eni ache amadikira mmisiri, miyezi n'kumapita. Mphunzitsi wa m'mudzi angathe kuthandiza kwambiri pamenepa. Mau ndi zithunzi zikhale zokonzeka mmisiri asanalandire ndalama iri yonse.

Dzina lisankhidwe lalifupi. Mlendo wa kunja amabvutika kulemba Nkhotakota, ndipo mabuku akale analemba Kota Kota. Dzina limene munthu angathe kulimva pa foni kamodzi n'kulilemba osalakwa ndilo labwino.

Nyengo nayonso iganiziridwe. Alendo ambiri amabwera m'miyezi yopanda mvula, kuyambira May kufikira October, ndipo mpunga wa dzinja umakololedwa mvula itatha. Tsono nchito yomanga tsamba iyambe mvula ikali kugwa, kuti pofika nthawi ya malonda likhale litatsegulidwa.

4. Ndalama

Kakomiti kawerenge mitundu iwiri ya ndalama: yomangira, imene ilipiridwa kamodzi, ndi yosungira, imene ilipiridwa chaka ndi chaka. Ambiri amaiwala yachiwiriyi. Makampani ambiri osunga masamba ali kunja ndipo amalipiritsa madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023, kotero kuti malipiro a madola anakwera kwambiri m'makwacha ngakhale kampani sinaonjezere kanthu. Bungwe lifunse mmisiri ngati malipiro a pachaka ali m'makwacha kapena m'madola, ndipo msungichuma aziika ndalamazo padera pa nthawi yokolola. Walira mvula walira matope.

5. Kusankha mmisiri

Amisiri a nchitoyi ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Ena ndi makampani, ena ndi anyamata ndi atsikana ogwira pa okha. Kakomiti katumize pepala lomwe lija kwa amisiri atatu, kuti mitengo yao ilinganizidwe pa nchito imodzimodzi. Mmisiri ali yense apemphedwe kuonetsa masamba awiri kapena atatu amene anamanga kale. A m'kakomiti awatsegule pa mafoni ao ali kumudzi komweko, ndipo aimbire eni masambawo kufunsa ngati mmisiriyo anatha nchito pa nthawi yache ndiponso ngati amayankha foni chinthu chikaonongeka. Safunsa anadya phula.

Wotsika mtengo koposa sali wabwino masiku onse, ndipo wa zithunzi zokongola koposa nayenso ayesedwe bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsamba lodzala zithunzi zazikulu limachedwa kutseguka pamene netiweki iri yofooka, ndipo limatha bandulo ya wowerenga. Mmisiri wabwino amachepetsa zithunzi ndi kumanga tsamba looneka bwino pa foni yaing'ono. Afunsidwenso chida chimene adzamangira. Chida chodziwika monga WordPress, chimene chinayamba m'chaka cha 2003 ndipo n'chaulere, chiri ndi ubwino wakuti mmisiri wina angathe kupitiriza nchito woyambayo atachoka.

Ngati mmisiri ali mbale wa mmodzi wa a m'kakomiti, zinenedwe poyera pa msonkhano, ndipo iyenso alembe pangano monga mlendo. Chibale ndicho chimatseka anthu pakamwa nchito ikachedwa.

6. Pangano lolembedwa

Pangano la pakamwa silithandiza pa mlandu. Lilembedwe, lisainidwe ndi mbali zonse ziwiri pamaso pa mboni, ndipo mbali iri yonse isunge lache. M'pangano mukhale zigawo zonse za tsamba, tsiku loonetsa nchito koyamba, tsiku lotsiriza, ndi kuti eni ache angapemphe kusintha kangati popanda malipiro ena.

Ndalama zisaperekedwe zonse poyamba. Njira yabwino ndi kugawa patatu: gawo loyamba posaina, lachiwiri nchito itaonetsedwa ndi kubvomerezedwa, lachitatu tsamba litatsegulidwa ndi makiyi onse ataperekedwa. Pa gawo liri lonse mmisiri apereke lisiti.

Mfundo yoposa zonse ndi iyi: dzina la tsamba lilembetsedwe m'dzina la bungwe, ndi keyala ya email ya bungwe, osati ya mmisiri. Amene walembedwa m'kaundula ndiye mwini. Mmisiri akalembetsa m'dzina lache, tsiku limene adzakangane ndi bungwe, kapena kupita ku Johannesburg kukafuna nchito, kapena kumwalira, bungwe lidzapeza kuti chikwangwani chimene linasindikiza pa matumba a mpunga si lache. Makalata okumbutsa za malipiro a pachaka adzapita kwa iye, ndipo tsamba lidzatsekedwa eni ache osadziwa. Munthu samangitsa nyumba n'kusiya makiyi kwa womanga. Makiyi a tsamba ndi mau achinsinsi olowera ku dzina, ku malo osungira ndi ku tsamba lenilenilo. Alembedwe, asungidwe ndi wapampando ndi mlembi, ndipo asinthidwe mmodzi wa iwo akasiya udindo.

M'pangano mulembedwenso kuti mmisiri adzaphunzitsa anthu awiri a m'bungwe kusintha mitengo ndi zithunzi, adzapereka kope la tsamba lonse, ndipo adzakonza zolakwika kwa miyezi yakuti popanda malipiro.

Malamulo a dziko akhudza nchitoyi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 likunena za malonda ndi milandu ya pa intaneti, ndipo la Data Protection la 2024 liteteza maina, manambala a foni ndi zina za anthu. Chotero chithunzi cha munthu chisaikidwe iye asanabvomere, ndipo cha mwana wa sukulu chisaikidwe makolo ache asanalole. Zithunzi za eni ena zisatengedwe pa intaneti popanda chilolezo.

7. Kuyesa ndi kutsegula

Bwato latsopano amaliyesa m'madzi osaya. Tsamba lisanalengezedwe, anthu asanu kapena khumi alitsegule pa mafoni osiyana, ena a Airtel, ena a TNM. Nambala iri yonse yolembedwapo iimbidwe, kalata yoyesa itumizidwe kuti aone ngati ifika, ndipo mphunzitsi awerenge mau onse. Aonenso kuti keyala ya tsamba iyamba ndi https, pakuti popanda ichi foni imachenjeza wowerenga kuti tsambalo n'losatetezedwa, ndipo ambiri amabwerera pomwepo.

Tsamba silidzilengeza lokha, ndipo Google ingatenge masiku kapena masabata isanayambe kulionetsa. Keyala yache ilembedwe pa matumba, pa malisiti ndi pa chikwangwani cha kumseu, ndipo inenedwe pa wailesi ya m'boma lino ndi pa misonkhano. Pambuyo pache munthu mmodzi apatsidwe udindo woyankha makalata tsiku ndi tsiku ndi kukonza mitengo ikasintha. Mlendo amene alemba kalata osayankhidwa amakagona kwina, ndipo wogula amene apeza mtengo wa chaka chatha amayesa kuti anyengedwa.

Mafunso okambirana m'magulu

Aphunzitsi ndi atsogoleri a mabungwe akupemphedwa kuwerengera anzao phunziroli ndi kukambirana mafunso awa:

1. Tchulani zinthu zitatu zimene tsamba liri lonse liri nazo. Ndi ziti zimene zilipiridwa chaka ndi chaka?
2. Ndi nchito ziti za m'dera lino zimene zingapindule ndi tsamba, ndipo ndi ziti zimene foni yokha iwakwanira?
3. Chifukwa ninji dzina la tsamba liyenera kulembetsedwa m'dzina la bungwe?
4. Mmisiri akapempha ndalama zonse asanayambe nchito, kakomiti kamuyankhe bwanji?