Phunziro 18: Nyemba zisanu za agogo

Ku Tsangano kumazizira. Anthu a kumeneko amalima mbatatesi, tirigu, cimanga ndi nyemba. Mvula yodzalira imayamba mwezi wa Novembala. Munthu wofuna kumanga nyumba amamanga mvulayo isanabwere.

M'mudzi wina wa ku Ntengo-wa-Mbalame munali banja lina. Nyumba yawo inali yakale. Denga linali kudontha, khoma linali ndi ming'alu. M'nyumbamo munali matumba a mbewu ya mbatatesi. Mbatatesi ikanyowa imaola. Ikaola, banja lilibe codzala.

Tsiku lina madzulo bambo anakhala pamphasa. Anatenga cimanga m'licero nayamba kuwerenga masiku a nchito.

Kuumba zidina, masiku 4.
Kuumitsa zidina, masiku 5.
Kumanga khoma, masiku 4.
Kuika mitengo ndi kufolera, masiku 2.

Njere zonse zinakwana 15.

"Masiku 15 akwana," anatero bambo. "Tiyamba pakati pa mwezi wa Okutobala."

Agogo anapukusa mutu. Anamasula nsonga ya citenje cawo, natulutsa nyemba 5 zofiira. Anaziika pambali pa cimanga cija.

"Amayi, nyembazi ndi za ciyani?" anafunsa bambo.

"Mwananga, wawerenga bwino masiku ogwira nchito. Koma sunawerenge masiku amene nchito idzaima. Uyambe msanga ndi masiku 5."

Agogo anali kudziwa zimene anali kunena. Nkhondo inatha mu 1992. Mu 1993 ndi 1994 anthu ambiri amene anathawira ku Malawi anabwerera kwawo. Agogo nawonso anabwerera. Anapeza nyumba yawo itagwa. Anayamba kumanga mocedwa, ndipo mvula inawapeza denga lisanathe. Anagona m'khola la mbuzi la abale awo.

Bambo anamvera. Nchito inayamba msanga.

Mdzukulu wa agogo anali m'kalasi yoyamba. Iye ndiye anasunga njere zija m'citini. Tsiku limene nchito yagwiridwa, anali kucotsa cimanga cimodzi. Tsiku limene nchito yaima, anali kucotsa nyemba imodzi.

Bambo ndi mayi anaponda dothi. Analiika m'cikombole. Zidina zinandandalika pabwalo. Cimanga cinacoka: cimodzi, ziwiri, zitatu, zinayi.

Kenaka m'mudzi munagwa maliro. Pakagwa maliro palibe amene amamanga nyumba. Bambo anapita kukakumba manda. Mayi anapita kukaphika nsima kusiwa. Anthu anakhala kumeneko masiku 2. Mdzukulu anacotsa nyemba 2.

Patapita masiku atatu kumwamba kunada. Kunagwa cizimalupsa. Iyi ndi mvula yoyamba, imene imagwa kamodzi n'kuleka. Mayi anathamanga ndi udzu kukaphimba zidina, koma zina zinasungunuka. Bambo anaumbanso zina m'mawa mwake. Mdzukulu anacotsa nyemba yacitatu.

Khoma litatha, bambo anakoleka ng'ombe kuti akatenge udzu wofolera. Panjira tayala la ngolo linaphwa. Tsiku lonse linathera pomata tayala. Nyemba yacinayi inacoka.

Usiku umenewo mdzukulu anasuzumira m'citini. Munatsala cimanga 2 ndi nyemba imodzi.

"Agogo, nyemba zikatha tidzatani?"

"Gona, mdzukulu wanga. Mawa abambo ako akwera padenga."

Bambo anafolera masiku 2. Mayi anazira pansi. Onse ananyamula matumba a mbatatesi kulowa nawo m'nyumba yatsopano. Sabata isanathe mvula yodzalira inagwa usiku wonse. M'nyumba simunadonthe.

M'citini munatsala nyemba imodzi. Mdzukulu anakaidzala kuseri kwa nyumba.

Yankhani mafunso awa

1. Kodi anthu a ku Tsangano amalima mbewu zanji?
2. Bambo anawerenga masiku angati?
3. Agogo anaonjezera masiku angati? Onse pamodzi ndi angati?
4. Chulani zinthu zitatu zimene zinaimitsa nchito.
5. Pa nyemba 5 panacoka nyemba 4. Zinatsala zingati?

Werengani mokweza

nyu nyumba
nye nyemba
nyo kunyowa

Nchito ya kunyumba

Makolo, khalani pansi ndi mwana wanu. Sankhani nchito imodzi ya pakhomo panu, monga kuluka nkhokwe, kumanga khola kapena kukumba mbatatesi. Mwana aike cimanga cimodzi pa tsiku lililonse la nchito. Kenaka mumuuze zinthu zimene zinakucedwetsani caka catha, kaya ndi matenda, kaya ndi mtsinje wodzaza, kaya ndi galimoto imene sinabwere. Pa cinthu ciliconse aike nyemba imodzi. Mawa abwere nazo ku sukulu m'citini kuti adzawerenge pamodzi ndi anzake.