Kodi kampani amaiika bwanji pa sikelo?

Inu achinyamata a kwa Katuli amene masamu amakukomerani, pali ntchito ina imene kwathu kuno sitchulidwa. Timadziwa uphunzitsi, unamwino, upolisi, ndi ulendo wa ku Joni umene watenga anzanu ambiri. Koma kuli anthu m'mabanki ndi m'maofesi owerengera chuma amene ntchito yawo ndi kunena kuti kampani yakutiyakuti ndi ya ndalama zingati, wina akafuna kuigula kapena kuiphatikiza ndi inzake. Zotsatira za ntchito ya anthu amenewa mumazigwira m'manja tsiku ndi tsiku, m'foni zanu. Funsani makolo anu, akuuzani kuti netiweki imene lero ndi Airtel inali Zain, ndipo isanakhale Zain inali Celtel. Dzina likamasintha chotero ndiye kuti ena anakhala pansi miyezi yambiri kukangana za mtengo.

Chimene ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: wogula kampani sagula makoma, magalimoto ndi mipando. Amagula ndalama zimene kampaniyo idzatulutse m'zaka zikubwerazo. Zina zonse mu ntchito imeneyi zimachokera pamenepa.

Tiyeni tiyambire pafupi. Tiyerekeze kuti pamsika wina akugulitsa chigayo. Wosadziwa adzazungulira injini, kugogoda malata, kufunsa kuti lamba anasinthidwa liti, kenako n'kutchula mtengo. Wodziwa adzapempha kabuku kamene amalembamo ndalama za tsiku. Akufuna aone kuti mabeseni ndi matumba amabwera angati mu Meyi anthu atangokolola, nanga mu Januwale nkhokwe zitauma. Kenako achotsa mafuta kapena magetsi, malipiro a wogayitsa, misonkho, ndi ndalama yokonzera makina, pakuti sefa ndi nyundo za m'chigayo zimatha. Tinene kuti zikutsala K4 miliyoni pachaka. Imeneyo ndiyo ikugulitsidwa. Chigayo chonyezimira choikidwa kumene kulibe anthu chimachepa mtengo poyerekeza ndi chakale chimene amayi amafolapo mzere kuyambira m'mamawa.

Apa tsopano pabwera phunziro limene ambiri limawavuta, ndipo ndikupemphani mulichite ndi pensulo. Ndalama ya chaka chamawa si yofanana ndi ya lero. Ngati mungathe kupeza phindu la 25 peresenti poika ndalama yanu kwina, K1 miliyoni yobwera chaka chamawa ikufanana ndi K800,000 ya lero, chifukwa K800,000 itakula ndi 25 peresenti imakwana miliyoniyo. Yobwera pakatha zaka ziwiri ndi K640,000. Ya zaka zisanu ndi K328,000 basi. Akatswiri amalosera ndalama za chaka chilichonse, n'kuzibweza ku mtengo wa lero mwa njira imeneyi, n'kuziphatikiza. M'mabuku mudzaipeza ndi dzina loti discounted cash flow.

Onani mphamvu ya peresenti ija. Chigayo chathu cha K4 miliyoni pachaka, chikamagaya chomwecho osaleka, pa 25 peresenti ndi cha K16 miliyoni. Pa 20 peresenti ndi cha K20 miliyoni. Pa 10 peresenti ndi cha K40 miliyoni. Chigayo ndi chomwecho, mgaiwa ndi womwewo. Ndiye munthu akakuonetsani mtengo wa kampani, musayambe ndi kuona nambala ya kumapeto. Mufunseni kuti wagwiritsa peresenti yanji, ndipo waitenga kuti. Kuno ku Malawi funso limeneli ndi lolemera kwambiri. M'chaka cha 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogula wobwera ndi madola amawerengera zonsezi, ndipo n'chifukwa chake amatchula mtengo umene eni kampani amauona ngati chipongwe. Chitsanzo cha m'buku lolembedwa ku London kapena ku New York, kumene chiwongola dzanja n'chotsika, mukachikopera osaganiza mudzalakwitsa kutali.

Njira yachiwiri ndi yoyerekeza. Mumaona makampani ofanana amene masheya awo amagulitsidwa pamsika, n'kufunsa kuti mtengo wawo ndi phindu lawo la pachaka kuchulukitsa kangati. Vuto lathu n'lakuti pa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, pamene kampani yoyamba kulembedwa inali NICO mu 1996, makampani ndi ochepa. Mabanki alipo angapo oyerekezera, koma mukafuna kuyeza kampani ya nsomba ngati Maldeco ya kwathu ku Mangochi konkuno, simudzapeza inzake pamsikapo. Mudzayenera kufufuza ku mayiko ena, kenako n'kudzifunsa moona mtima ngati nyanja yawo, msika wawo ndi ndalama yawo zikufanana ndi zathu. Njira yachitatu ndi kuona mitengo imene makampani ofanana anagulidwira kale. Imeneyi imakhala yokwererapo, chifukwa wogula kampani yonse amalipiranso ulamuliro, mphamvu yosankha mabwana ndi kusintha kayendetsedwe. Katswiri weniweni amachita njira zonse zitatu, ndipo sapereka nambala imodzi. Amati mtengo uli pakati pa apa ndi apa, n'kufotokoza chifukwa.

Tsopano za ngongole, pamene ndaona anthu ophunzira bwino akupunthwa. Mu 2010 kampani ya ku India ya Bharti Airtel inagula nthambi za Zain m'mayiko 15 a mu Africa, Malawi ali momwemo. Nyuzipepala zinalemba kuti mtengo unali madola 10.7 biliyoni. Koma eni Zain analandira pafupifupi madola 9 biliyoni. Madola 1.7 biliyoni otsalawo anali ngongole zimene wogulayo anasenza. Mtengo wa bizinesi ndi wina, cholandira mwini ndi china. Chigayo cha K16 miliyoni chikakhala ndi ngongole ya K5 miliyoni imene wogula adzaibweze, mwini ayenera kulandira K11 miliyoni. Ndipo ngongole zina sizilembedwa poonekera: misonkho yosalipidwa, mlandu umene uli kukhoti, ndalama za penshoni za antchito, malo amene mapepala ake sali bwino. N'chifukwa chake wogula amatumiza owerengera ndalama ndi maloya kukafukula mafayilo asanasaine.

Banki ili ndi msampha wake, chifukwa chuma chake chachikulu ndi ngongole zimene yabwereketsa anthu. Mu 2015 boma linagulitsa Malawi Savings Bank ku FDH, ndipo mkangano unali waukulu ku Nyumba ya Malamulo ndi m'mawayilesi. Pakati pa nkhaniyo panali ngongole za mabiliyoni zimene obwereka sankabweza, zimene boma linazichotsa m'mabuku a bankiyo n'kuzisenza lokha. Ngongole yolembedwa K100 miliyoni imene mwini wake sadzabweza si chuma cha K100 miliyoni. Amene anadziwa kuwerenga mabuku ankatha kutsutsa kapena kuvomereza ndi manambala. Enafe tinkangomva kuti banki yapita motchipa kapena ayi, osadziwa poyambira. Zimandiwawa kuti katundu wa dziko amagulitsidwa pamene Amalawi otha kuunika mtengo wake ali ochepa chonchi, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba kwa inu.

Nthawi yomweyo National Bank inagula Indebank. Kugula kotere kuli ndi chiwerengero chinanso. Mabanki awiri akakhala amodzi, safunanso likulu kawiri, makina a kompyuta kawiri, kapena nthambi ziwiri mumsewu umodzi. Ndalama zopulumutsidwazo zimachititsa wogula kulolera mtengo wokwera. Koma chenjerani nazo nambala zimenezi, pakuti n'zosavuta kuzilonjeza papepala, ndipo kuseri kwake kumakhala anthu ochotsedwa ntchito. Mukadzakhala pa tebulo limenelo musadzaiwale kuti mzere umene mukufufuta ndi malipiro a bambo wa ana. Dziwaninso kuti kugwirizana kwa wogula ndi wogulitsa sikokwanira. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limayenera kuona ngati kuphatikizako sikupweteka ogula, ndipo zokhudza mayiko angapo zimapita ku COMESA Competition and Consumer Commission, imene ili ku Lilongwe.

Palinso ogula amene amabwereka ndalama zambiri zogulira, n'cholinga choti kampani yogulidwayo izibweza yokha ngongoleyo, iwo adzaigulitse patapita zaka zingapo. Funso lawo ndi lakuti phindu lingasenze ngongole yaikulu bwanji. Ndi chiwongola dzanja cha kuno, yankho limakhala laling'ono, ndipo chaka chimodzi choipa chimatha kumiza zonse.

Poyambira ndi pati? Limbikirani masamu ndi Chingerezi, kenako maphunziro owerengera ndalama, kaya ku MUBAS, ku Malawi College of Accountancy, kapena mayeso a ICAM ndi ACCA. Phunzirani Excel mpaka zala zizolowere. Koma musadikire sukulu. Makampani onse a pa Malawi Stock Exchange amasindikiza malipoti awo a pachaka, ndipo mungawapeze pa intaneti ndi foni yomwe muli nayoyo. Tengani la Illovo kapena la Airtel Malawi, imene inalowa pamsikawu mu 2020. Pezani tsamba loonetsa ndalama zimene zalowadi ndi kutuluka, muliyerekeze ndi tsamba la phindu, muone pamene akusiyana, pakuti katundu wogulitsidwa pangongole amalembedwa ngati phindu ndalama isanafike. Werengani timawu ting'onoting'ono ta kumapeto, kumene ngongole ndi milandu zimafotokozedwa. Kenako yesani kutchula mtengo wanu wa sheya imodzi, muuyerekeze ndi wa pamsika tsiku limenelo, ndipo mukasiyana nawo mufufuze kuti ndi peresenti iti kapena chiyembekezo chiti chakusiyanitsani.