Chofunda cha zigamba: mafunso a omvera a ku Machinga ndi Balaka

WOULUTSA: Makalata ndi mauthenga a pafoni a sabata ino akamba kwambiri za zofunda zosokedwa ndi tizidutswa ta nsalu.

MLANGIZI: Tiyeni tiwamve.

WOULUTSA: Woyamba ndi mtsikana wa pa Liwonde. Akuti waona pa Facebook anthu akunja akusoka ndi tizidutswa togulitsidwa m'mitolo, todulidwa kale. Akufunsa kuti kuno angatipeze kuti.

MLANGIZI: Mwanawe, zimene waonazo ku America amazitcha charm pack. Kadutswa kalikonse ndi mainchesi 5 mbali zonse zinayi, ndiye kuti pafupifupi masentimita 13, ndipo mtolo umodzi nthawi zambiri umakhala ndi tizidutswa 42. Mbali ina ya ndalama imene amalipira kumeneko ndi ya kudula ndi kusankhiridwa mitundu. Ife mtolo wathu uli pansi pa makina a telala. Pita pakhonde la sitolo pa Liwonde pomwepo, kapena mumsika wa Balaka, madzulo atelala akamasesa. Ena angokupatsa, ena afuna kangachepe. Nthawi yabwino ndi Idi ikayandikira, komanso miyezi ya maukwati, pamene banja lonse likusoketsa chitenje chimodzi. Zotsala zake zimakhala zazikulu ndiponso zofanana.

Kudulako ndiye ntchito yako. Usadule pongoyerekeza ndi maso. Panga chikombole cha masentimita 12 mbali zonse. Katoni imalowa m'mbali ukaijambulira kangapo, ndiye bola pulasitiki yolimba ya chigubu chakale. Jambula ndi choko kuseri kwa nsalu, ndipo sizasi yodulira nsalu isamadulenso mapepala a ana asukulu.

WOULUTSA: Mayi wina wa ku Ntaja akuti akufuna chofunda chokwana bedi, koma sakudziwa kuti asonkhanitse tingati.

MLANGIZI: Amayi, tengani cholembera. Kadutswa ka masentimita 12, mukasiya sentimita imodzi ya msoko mbali iliyonse, kamatsala masentimita 10. Chofunda cha masentimita 150 m'lifupi ndi 200 m'litali chifuna tizidutswa 15 pamzere, mizere 20. Tonse pamodzi 300. Chitenje chathunthu cha mamita awiri chimatulutsa pafupifupi 140, choncho zitenje ziwiri zipelewera pang'ono. Ngati manja anu sanazolowere, yambani ndi tizidutswa tikulutikulu ta masentimita 22. Timatsala 20, ndipo tokwana 80 tikupatsani chofunda cha masentimita 160 ndi 200.

WOULUTSA: Kalata yachitatu yabwera ndi madandaulo. Bambo wina, telala wa pa Ulongwe, akuti wasoka zaka zambiri, koma pa zigambazi makona sakukumana, ndipo atachapa, chofunda chonse chakhwinyata.

MLANGIZI: Bambo, musadzikayikire, ntchitoyi imanyenga ngakhale akatswiri a masuti. Pa diresi, msoko ukakula ndi mamilimita awiri palibe amadziwa. Apa mamilimita awiriwo amachoka pa tizidutswa tonse tiwiri, ndiye anayi pa msoko umodzi, ndipo muwachulukitse ka 14, poti mzere wa tizidutswa 15 uli ndi misoko 14. Pofika kumapeto mwataya pafupifupi masentimita 6. Matani selotepi pamakina, sentimita imodzi kuchokera pa singano, ndipo m'mphepete mwa nsalu muziyenda pamenepo basi. Mukatha mzere, sitani misoko yonse igonere kumanja. Mzere wotsatira igonere kumanzere. Polumikiza mizere iwiriyo misoko imagwirana yokha, inu mungobaya pini pa kona iliyonse. Simbi muzingoyikhazika ndi kuinyamula. Mukamaikhwekhweretsa, nsalu imatamuka.

Kutamukako kumabweranso ndi kadulidwe. Zotsala za telala zambiri ndi za m'khwapa ndi m'khosi, zokhotakhota, ndipo mtima umafuna kuika chikombole mopingasa kuti mutuluke tiwiri m'malo mwa kamodzi. Ayi. Tsatani mmene ulusi wa nsaluyo wayendera.

Tsono za kukhwinyata. Ndikukhulupirira munasakaniza nsalu. Zitenje zili mumsika masiku ano si zonse za thonje. Pali za ku Mapeto David Whitehead ku Blantyre, za ku Tanzania, za ku Zambia, ndi zina zonyezimira zodzaza poliyesitala. Thonje limabwerera likachapidwa koyamba, poliyesitala sabwerera, ndiye zimakokana. Dulani kachidutswa muotche ndi machesi panja. Thonje limanunkha ngati pepala ndipo limasiya phulusa lofewa, pomwe poliyesitala amasungunuka n'kusiya kachibulu kolimba. Siyanitsani milu iwiri. Ndipo chapani zonse musanadule. Zofiira ndi zabuluu muviike pazokha ndi kansalu koyera. Kakasintha mtundu, chapaninso mpaka madzi ayere.

WOULUTSA: Apa pali funso londisangalatsa. Mlimi wa thonje wa ku Utale akuti, nanga thonje lili m'munda mwake momwemo, bwanji mkazi wake asaliike pakati pa chofunda m'malo mogula siponji?

MLANGIZI: Maganizo abwino bambo, ndipo zimatheka. Amayi a ku Gee's Bend, ku Alabama, omwe zofunda zawo zinaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera zaluso ku Houston ndi New York mu 2002, anali a m'mabanja olima thonje, ndipo akale awo ankachita zimenezi. Koma thonje lochokera m'munda lili ndi njere, njerezo zili ndi mafuta. Zimathimbiriritsa nsalu ndiponso zimaitana makoswe. Muzichotse zonse ndi manja, muchape thonjelo poti linapoperedwa mankhwala, muyanike, kenaka mulipese mpaka lifanane makulidwe. Posoka, mizere yogwira zigambazo, thonjelo ndi nsalu yapansi italikirane masentimita osaposa asanu. Mukatalikitsa, tsiku loyamba kuchapa thonje lonse lidzaunjikana m'makona ngati mibulu.

Komanso tinene zoona, Utale, Balaka, Liwonde, konseku n'kotentha. Kuzizira kwenikweni ndi June ndi July. Chofunda chokhuthala chidzagona m'sutikesi miyezi khumi. Ine ndikanaika pakati bedishiti yakale kapena kabulangeti kopyapyala ka pa kaunjika, pansi nsalu imodzi yathunthu, thonjelo n'kukagulitsa.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma mayi wina wa ku Nselema akufunsa ngati zimenezi zili ndi msika.

MLANGIZI: Msika ulipo, makamaka kwa alendo obwera kudzaona nyama ku Liwonde National Park, koma mlendo wa chikwama chimodzi sanyamula chofunda cha bedi. Musokereni zikwama, zovundikira mapilo ndi tinsalu ta patebulo. Chovundikira pilo chimodzi chimangofuna tizidutswa 16 kutsogolo kwake. Poika mtengo, amayi, werengerani ulusi, zipi, makala a simbi, sopo, ndi masiku amene mwakhala pamakina, ngakhale zigambazo munapatsidwa ulele.

WOULUTSA: Omvera, makalata otsala tidzawawerenga sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.