Musanathere bandulo pa nyimbo za lossless

Nyimbo yomveka ngati ya pa CD imafuna njira yodutsitsa 1,411 kbps. Njira ya Bluetooth ndi yopapatiza: SBC, imene ma earbuds onse ali nayo, imalekezera cha m'ma 328 kbps, pomwe AAC ya pa iPhone imayenda pa 256. Choncho ngakhale mutatsitsa lossless (nyimbo yosatayidwako kanthu), foni imayamba yaifinya nyimboyo n'kutayako zina isanafike kukhutu. Apple nayo imanena poyera kuti ma AirPods olumikizidwa pa Bluetooth sanyamula lossless.

Yambani ndi kudziwa codec (njira yofinyira nyimbo, monga SBC kapena AAC) imene foni yanu ikugwiritsa ntchito. Pa Android, pitani ku Settings, mupeze Build number, muidine kasanu ndi kawiri. Developer options ikatseguka, lumikizani ma earbuds, kenako muone pa Bluetooth audio codec. Mukapeza LDAC ya Sony, isankheni. Inalowa mu Android 8.0 m'chaka cha 2017 ndipo imayenda pa 330, 660 kapena 990 kbps. Koma foni ndi ma earbuds ziyenera kukhala nayo zonse ziwiri, apo ayi zimabwerera ku AAC kapena SBC mwakachetechete.

Musathamangire 990. Bluetooth imagawana mafunde a 2.4 GHz ndi Wi-Fi komanso mafoni a anzanu, ndiye mumsika kapena m'minibasi nyimbo imadukaduka. Thupi lanu lomwe limatchinga mafundewo foni ikakhala m'thumba lakumbuyo. Ine ndimalangiza 660 poyenda, 990 mukakhala pansi kunyumba. LDAC nayo imatayabe zina, dziwani zimenezo.

Pali aptX Lossless imene Qualcomm inalengeza mu 2021. Imafuna zipangizo zoyenerana mbali zonse, ndipo mafunde akasokonekera imatsitsa liwiro n'kuyamba kutaya ngati zinzake.

Tsopano timalaba ta kumapeto kwa ma earbuds, timene ambiri satisamala. Yesani masayizi onse amene anabwera m'bokosi mpaka khutu litatsekeka bwino. Mpweya ukamatulukira m'mbali, besi imathawa, ndipo palibe codec ingaibweze. Apa kusintha kumamveka nthawi yomweyo.

Ngati mukumvera pa Bluetooth, zimitsani lossless mu app yanu. Nyimbo imodzi ya lossless, monga ya FLAC, imadya data yokwanira nyimbo zingapo za MP3. Tsiku limene mukufunadi lossless, tsitsani pa Wi-Fi, mulumikize mahedifoni a waya. Foni yopanda kabowo ka 3.5 mm ifunika adaputala ya USB-C kapena Lightning.