Jeke ya pikapu yoyenda m'misewu ya fumbi

Wamalonda wonyamula matumba a chimanga pa Hilux asadalire kajeke ka galimoto yaing'ono. Pikapu yotereyi ikadzaza imalemera pafupifupi matani 3, choncho yoyenera ndi jeke ya botolo yolembedwa matani 3 kapena kuposa. Asanalipire, aiyese pagalimoto pomwepo, chifukwa ina imakhala yamphamvu koma yaifupi, tayala osachoka n'komwe pansi.

Pamchenga kapena m'matope jeke imatitimira. Thabwa lochindikala loika pansi pake limapulumutsa tsiku lonse la msika. Sipanala ikhale ya mtanda, yokwana manati ake, ndipo manatiwo amasulidwe pang'ono galimoto isanakwezedwe, miyala itatchinga matayala enawo. Sipeya nayo imaphwa mwakachetechete, ndiye pampu isatsale kunyumba.