Nyemba, Nthanga ndi Chitowe: Zakudya Zosamalira Thumbo Lalikulu

Khansa ya thumbo lalikulu nthawi zambiri imayamba ngati kachotupa kakang'ono m'kati mwa thumbo, ndipo pamatha zaka kasanasanduke khansa. M'zaka zimenezo, zomwe banja limadya tsiku ndi tsiku zimakhala ndi mbali yake.

Mu 1992, Lilian Thompson ndi mnzake wa pa yunivesite ya Toronto ku Canada anabaya makoswe mankhwala oyambitsa khansa ya m'matumbo. Ena mwa makoswewo ankawasakanizira ufa wa njere za flaxseed m'chakudya, ndipo amenewa anapezeka ndi zizindikiro zochepa za chiyambi cha khansa. Mu 2002, ofufuza a pa Michigan State University ku America anaona zofanana atadyetsa makoswe nyemba zakuda ndi zoyera. China mwa zifukwa zake n'chakuti makoko a mbewu sagayika m'mimba. Amafika m'thumbo lalikulu, kumene tizilombo tabwino timawaphwanya n'kupanga butyrate, yemwe amadyetsa khoma la thumbolo.

Khoswe si munthu, ndipo makoswe a mu kafukufuku amadyetsedwa mbewuzi zochuluka kwambiri. Choncho nthanga ndi nyemba ndi chakudya chothandiza, si mankhwala ochiza khansa. Komabe ngakhale kwa anthu, bungwe la World Cancer Research Fund linapeza kuti mbewu zosakonola zimachepetsa chiopsezo cha khansayi. Nazi zoyenera kuchita pakhomo.

1. Bwezerani mgaiwa pamoto. Pokonola chimanga, gaga amene timapatsa nkhuku amapita ndi mbali yofunika ku thumbo. Ngati a pakhomo anazolowera ufa woyera, yambani ndi phala la mgaiwa m'mawa, kenako sakanizani maufa awiriwa pophika nsima.

2. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama zisasowe m'mbale. Ziviikeni usiku wonse, tayani madziwo, ndipo ziphikeni mpaka zifewe. Chipere n'chokoma, koma pochikonza timachotsa makoko, ndiye masiku ambiri idyani nyemba ndi makoko ake.

3. Musataye nthanga za maungu. Zitsukeni, ziyanikeni pa lichero mpaka ziume gwa, kenako zikazingeni pa moto wochepa mukutakasa. Zikayamba kuthetheka n'kununkhira, phulani zisanapserere. Zikazizira, zisinjeni mu mtondo ndipo mutendere nkhwani kapena mpiru monga muchitira ndi nsinjiro.

4. Chitowe ndi flaxseed muzipere. Njere zing'onozing'ono zikamezedwa zathunthu zimatuluka momwe zinalowera. Supuni imodzi kapena ziwiri za ufa wake m'phala ndi zokwana. Perani zongokwanira masiku ochepa ndipo sungani m'botolo lotseka bwino, chifukwa mafuta ake sachedwa kuwonongeka.

5. Samalani ndi chuku. Mtedza ndi chimanga zosungidwa pachinyezi zimagwira chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amayambitsa khansa ya chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Sankhani mtedza musanasinje: wofota, wakuda, wofumbwa ndi wowawa tayani. Matumba akhale pa thandala, osati pansi.

6. Onjezerani zakudyazi pang'onopang'ono ndipo muzimwa madzi okwanira, kuti mimba isadzadze mpweya. Ana aang'ono apatseni zosinja zokha, chifukwa nthanga zathunthu zingawatsamwitse.

7. Chepetsani soseji, polony ndi nyama zina zokonzedwa m'fakitale. Mu 2015, nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inalengeza kuti nyama zoterezi zimayambitsa khansa ya thumbo lalikulu. Mowa ndi fodya nazonso zimakulitsa chiopsezo.

Mukaona magazi m'chimbudzi, kutsegula m'mimba kapena kudzimbidwa kwa milungu ingapo, kupweteka kwa m'mimba kosaleka, kapena kuwonda popanda chifukwa, musadalire nthanga kapena zitsamba. Pitani kuchipatala msanga, makamaka ngati wina pamtundu panu anadwalapo matendawa. Khansa ya thumbo lalikulu ikapezeka koyambirira, ambiri amachira.